Capacifuwa ca Msilikali: Kabvalidwe Kake ndi Cithandizo kwa Wolasidwa

Ambiri a inu munaonapo msilikali, kaya pa cithunzi kaya ndi maso, atabvala cisoti colimba kumutu ndi cobvala cocindikala cimene cimaphimba cifuwa ndi msana. M'nkhani yathu ya lero cobvala cimeneci tizicichula kuti capacifuwa, liu lakale limene ena a inu munalimva likuwerengedwa m'chalichi. Nkhaniyi itikhudza ife tonse, pakuti asilikali a Zambia akhala akutumidwa ndi bungwe la United Nations kukasungitsa mtendere m'maiko a anzathu: ku Mozambique ndi ku Rwanda m'zaka za m'ma 1990, ku Sierra Leone mu 2000, ndi ku Central African Republic kuyambira mu 2015. Mwina pakati panu pali wina amene atate ake, amai ake kapena amalume ake anapitako atanyamula cobvala cotere.

Anthu ambiri amayesa kuti munthu akabvala capacifuwa ndiye kuti wakhwima, cipolopolo sicingamlowe. Maganizo amenewa ngolakwika, ndipo msilikali wowakhulupirira aika moyo wake pa ngozi. Capacifuwa cimateteza malo okhawo amene caphimba, ndiponso cimatero pokhapokha citakhala pamalo pake. Kumene ico sicifika, moyo wa msilikali umatsala m'manja mwa mnzake wodziwa kuletsa magazi. Cifukwa cake tidzaphunzira ziwirizi pamodzi, kabvalidwe ndi cithandizo coyamba, monga momwe asilikali eni ake amaziphunzirira.

Kucokera ku cishango kufikira lero

Angoni a kum'mawa kwa dziko lathu ankapita ku nkhondo atagwira zishango za cikopa ca ng'ombe. Cishango cinali kubweza mkondo, mubvi ndi cibonga, koma mu 1898, pamene ankhondo a Mpezeni anakomana ndi asilikali a Angerezi okhala ndi mfuti zamphamvu, cikopa sicinathe kuimitsa cipolopolo. Ku Ulaya nakonso malaya acitsulo a ankhondo akale anasiyidwa pang'onopang'ono pamene mfuti zinakula mphamvu, cifukwa citsulo cokwana kuimitsa cipolopolo cinali colemera kosanyamulika.

Maganizo anasintha pa nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918. Madokotala anaona kuti asilikali ocuruka anali kubvulazidwa ndi tizidutswa ta mabomba ophulika, timene kawirikawiri tilibe mphamvu yonga ya cipolopolo, kotero kuti citsulo copyapyala cikhoza kutiimitsa. Dziko la France linagawira asilikali ake zisoti zacitsulo mu 1915, ndipo Britain ndi Germany anatsatira. Pa nkhondo yaikulu yaciwiri anthu a m'ndege zoponya mabomba anapatsidwa malaya osokeredwa tizitsulo, ndipo pa nkhondo ya ku Korea, ya 1950 mpaka 1953, asilikali a America anabvala malaya a nsalu za nailoni zosanjikiza. Kenaka mu 1965 mai wina wa sayansi, Stephanie Kwolek, wa pa kampani ya DuPont ku America, anapeza ulusi watsopano umene unapatsidwa dzina loti Kevlar. Mukatenga ulusi umenewu ndi citsulo zolemera cimodzimodzi pa sikelo, ulusiwo uposa citsuloco kulimba kasanu.

Mmene capacifuwa cimagwirira nchito

Capacifuwa ca masiku ano ciri ndi mbali ziwiri, yofewa ndi youma. Mbali yofewa ndiyo nsalu zambiri za Kevlar, kapena za ulusi wina wofanana nawo, zosanjikizidwa pamodzi. Kuti mumvetse nchito yake, kumbukirani ukonde wa pagolo la mpira. Mpira ukamenyedwa mwamphamvu, ukonde sulimbana nawo pamalo amodzi. Umatambasuka, ndipo zingwe zonse zimagawana mphamvuyo kufikira mpira utagwa pansi. Nsalu za capacifuwa zimacita cimodzimodzi ndi kacidutswa ka bomba kapena cipolopolo ca mfuti yaing'ono ya m'manja.

Koma cipolopolo ca mfuti yaikulu, monga AK-47, cimaturuka pa liwiro la mamita pafupifupi 700 pa sekondi imodzi, ndipo ngosongoka mutu wake. Cimeneci cimaboola nsalu zija. Ndico cifukwa cake capacifuwa ciri ndi matumba, lina kutsogolo, lina kumbuyo, nthawi zina enanso m'nthiti, momwe amalowetsamo mbale zouma. Mbale zambiri zotere nzoumba, zoochedwa m'ng'anjo yotentha koposa imene amaochera mbiya kapena njerwa, ndipo nzouma kupambana citsulo. Cipolopolo cikagunda mbale cimaphwanyika, mbaleyo nayo imasweka pamalopo, ndipo nsalu yolimba imene iri kuseri kwake imagwira zidutswa zonse. Mbale imodzi imalemera pafupifupi makilogramu awiri ndi theka. Capacifuwa cathunthu ca asilikali a America, cokhala ndi mbale zake zonse, cimafika makilogramu 14 kapena kuposa, ndiko kuti kupitirira theka la thumba la ufa la makilogramu 25. Msilikali amayenda naco tsiku lonse, pamodzi ndi mfuti, zipolopolo ndi madzi akumwa.

Kabvalidwe koyenera

Tsopano ana inu, ikani cala canu pansi pa khosi, pamene mafupa awiri ocokera m'mapewa akomana. Mwapeza kadzenje kofewa pamenepo. Mphepete ya pamwamba ya mbale ya kutsogolo iyenera kufika pa kadzenje kameneka, cifukwa pansi pake, kuseri kwa fupa la pacifuwa, pali mtima ndi mitsempha ikuluikulu yoturuka mumtimamo. Bala la pamenepa limapha msanga, ndipo ngakhale dokotala atakhala pafupi, kawirikawiri sangathe kulithandiza. M'mbali mwake mbale iphimbe nsonga za mawere onse awiri, ndipo kunsi ilekeze zala zingapo pamwamba pa mcombo, kuti munthu azitha kukhala pansi ndi kuwerama. Mbale ya kumbuyo ikhale molingana ndi ya kutsogolo, kuti mtima ndi mapapu zikhale pakati pa ziwirizi.

Colakwa cimene cimaoneka kawirikawiri nciti? Msilikali akatopa amamasula malamba a m'mapewa kuti apeze mpumulo. Pamenepo mbale imatsika nikakhala pamimba, ndipo pamwamba pa cifuwa pamatsala poyera. Kulemera wanyamula konse, koma malo ofunika koposa sanawaphimbe. Lamba wa m'ciuno naye ayenera kumangidwa mokwana bwino: wothina kwambiri amaletsa kupuma mokoka, wolekerera amacititsa capacifuwa kudumphadumpha munthu akamathamanga, ndipo mbale zimasuntha pamalo pake.

Msinkhu wa cobvala nawo ngofunika. Cacikulu cimamanga manja, munthu nalephera kuika mfuti paphewa kapena kukwera galimoto msanga. Cacing'ono cimasiya mipata. Kwa zaka zambiri zapacifuwa zinali kusokedwa poyesa matupi a amuna okha, ndipo akazi a m'gulu lankhondo anali kubvutika nazo. Mu 2012 gulu lankhondo la America linayamba kuyesa capacifuwa cosokedwa molingana ndi thupi la mkazi, cofupika thunthu ndi cocepa m'mapewa.

Mbale iri ndi nkhope ndi kumbuyo. Pa nkhope pamalembedwa mau a Cingerezi akuti STRIKE FACE, ndipo mbali imeneyi iyenera kuyang'ana kunja, kumene cipolopolo cicokera. Cisoti naco cikhale mowongoka, zala ziwiri pamwamba pa nsidze, lamba wake atamangidwa pacibwano. Cisoti cosamanga cimagwa pa nthawi yeniyeni imene cifunika, bomba likaphulika kapena galimoto ikagubuduzika.

Mdani wina wa msilikali ndi dzuwa. Ku Birao, kumpoto ca kum'mawa kwa Central African Republic, kumene asilikali athu anatumizidwa, kutentha kumapitirira madigiri 40 m'nyengo yacilimwe. Capacifuwa cimasunga kutentha kwa thupi ndipo thukuta siliuma. Pamenepo munthu amayesedwa kucotsa mbale ya kumbuyo kapena za m'nthiti, poganiza kuti mdani adzacokera kutsogolo. Koma tizidutswa ta bomba timamwazikira mbali zonse, ndipo wobisalira anzake sasankha kutsogolo. Mankhwala a kutentha ndiwo kumwa madzi pafupipafupi ndi kupumula pamthunzi mosinthana. Za kucepetsa zobvala amalamula ndi mtsogoleri amene wapima ngozi ya pamalopo.

Potsiriza pa mbali iyi, capacifuwa cifuna cisamaliro. Mbale youmba ikagwa pansi kucokera pa galimoto, kapena munthu akaiyesa mpando, ikhoza kung'aluka m'kati pamene kunja ikali kuoneka yabwino. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Motero msilikali amagwedeza mbale yake ndi kumvetsera ngati muli zoseweraseweramo, ndipo magulu ena ankhondo amaziunika ndi makina a X-ray. Mbale imene yagundidwa kale ndi cipolopolo imabwezedwa, napatsidwa ina. Nsalu zofewa zija sizifuna kubviikidwa m'madzi, kucapidwa ndi mankhwala oyeretsa, kapena kuyanikidwa padzuwa, pakuti zonsezi zimafooketsa ulusi wake. Amazipukuta ndi kansalu konyowa ndi kuziumitsa pamthunzi.

Kumene capacifuwa sicifika

Yang'anani tsopano malo amene atsala poyera: nkhope, khosi, m'khwapa, manja, m'mphecepece ndi miyendo. Malo amenewa sangaphimbidwe ndi mbale, cifukwa msilikali ayenera kuona, kuthamanga ndi kugwira. Komabe m'menemo mumadutsa mitsempha ikuluikulu. Munthu wamkulu ali ndi magazi okwana malita asanu okha, ndipo mtsempha waukulu wa m'nchafu ukaduka akhoza kufa pa mphindi zowerengeka. Madzi akatayika saoleka. Ndi magazi ndi cimodzimodzi.

Mu 2012 dokotala wa asilikali, Brian Eastridge, ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atapenda imfa 4,596 za asilikali a America ku Iraq ndi ku Afghanistan, kuyambira 2001 kufikira 2011. Pa anthu 100 alionse, 87 anafa asanafike ku cipatala. Mwa amenewa, mmodzi pa anai alionse anali ndi mabala amene akadatha kupola akadathandizidwa msanga, ndipo pa anthu khumi otere, asanu ndi anai anafa ndi kutaya magazi. Apa muona kuti moyo wa wolasidwa umasungidwa kapena kutayika pamalo pomwe wagwerapo, dokotala asanamuone.

Phunziro limeneli linayamba kumveka bwino pambuyo pa nkhondo ya m'mzinda wa Mogadishu, ku Somalia, mu October 1993, pamene asilikali 18 a America anafa ndipo obvulala anakhala usiku wonse osatengedwa. Mu 1996 dokotala Frank Butler ndi anzake analemba malangizo atsopano a cithandizo ca pa bwalo la nkhondo. Cacikulu m'malangizowo cinali kubwezera ulemu lamba woletsa magazi, amene pa Cingerezi amati tourniquet. Kale ambiri anali kumuopa lamba ameneyu, poganiza kuti adulitsa mwendo. Nkhondo za pambuyo pake zinaonetsa kuti akamangidwa bwino, kwa nthawi yosapitirira maola awiri, kawirikawiri mwendo umapulumuka, ndi mwini wake yemwe. Bungwe la United Nations nalo linaika muyeso wake: wolasidwa alandire cithandizo coletsa magazi pasanathe mphindi 10, afike kwa a zacipatala odziwa bwino pasanathe ola limodzi, ndipo acitidwe opaleshoni pasanathe maola awiri. Mphindi 10 zoyambazo ziri m'manja mwa asilikali anzake.

Cifukwa ca ici, pa capacifuwa pamamangiriridwa kathumba ka cithandizo coyamba. Asilikali a gulu limodzi amakaika pamalo amodzimodzi, kuti wothandiza akapeze ngakhale mumdima. Lamba woletsa magazi amaikidwa poti dzanja lirilonse, lamanja kapena lamanzere, lingamfikire, pakuti palibe adziwa dzanja limene lidzabvulala. Ndipo pothandiza mnzake, msilikali amatsegula kathumba ka wobvulalayo, kake nkusunga, cifukwa mwina iyenso adzakafuna posacedwa.

Ndondomeko ya cithandizo

Pamene mfuti zikali kulira, nchito ndi ziwiri zokha: kufikitsa wolasidwa pobisalika, ndi kumanga lamba ngati dzanja kapena mwendo ukutaya magazi kwambiri. Capacifuwa ndi cisoti sazibvula pa nthawi imeneyi, pakuti munthu wolasidwa kamodzi akhoza kulasidwanso. Akafika pabwino, wothandiza amatsata ndondomeko imene anailoweza pamtima, kuyambira cimene cimapha msanga koposa.

Coyamba ndi magazi. Lamba amamangidwa masentimita 5 mpaka 8 pamwamba pa bala, ca ku thunthu, kupewa bondo ndi cigongono. Amamkoka zolimba, napotoza kandodo kake kufikira magazi ataleka, nalemba nthawi pa lambayo. Kumawawa kwambiri, koma samammasula. Womasula ndi wa zacipatala. Bala la m'khwapa, la m'mphecepece kapena la m'khosi silimangika ndi lamba. Pamenepo amalongamo bandeji mpaka kudzaza, nakanikiza ndi mphamvu zonse kwa mphindi zosacepera zitatu.

Caciwiri ndi njira ya mpweya. Wolasidwa amene akulankhula ndiye kuti mpweya ukupita. Wokomoka amamgoneka cammbali, kuti lilime, magazi kapena masanzi zisatseke kukhosi.

Cacitatu ndi cifuwa, ndipo apa mpamene capacifuwa ciyenera kutseguka. Cobvala cimene cateteza munthu cikhozanso kubisa bala limene likumupha, monga la cipolopolo colowera m'khwapa. Zapacifuwa zakale zinali kucedwetsa pobvula. Mu 2007 asilikali a America anayamba kulandira capacifuwa cokhala ndi cingwe cimodzi, cimene munthu akacikoka cobvala conse cimagawanika nicigwa. Cingwe cimeneci cimapulumutsanso munthu amene wagwera m'madzi kapena wapanikizika m'galimoto yoyaka. Ndi nchito ya msilikali kuona kuti cingweco sicinaphimbidwe ndi matumba, ndi kuti anzake adziwa pamene ciri. Akatsegula, wothandiza amayang'ana ndi kufufuza ndi manja pacifuwa, m'khwapa ndi kumsana. Akapeza ciboo amamatapo cigamba capulasitiki, copangidwa kuti mpweya uzituruka koma usalowe, popeza mpweya ukadzaza m'cifuwa umafinya mapapu ndi mtima.

Pali bala linanso lobisika. Mbale ikaimitsa cipolopolo, mphamvu yake sithera pomwepo. Mbale imatuzuka cakumbuyo nimenya thupi monga nyundo. Poyesa zapacifuwa ku America amaziika pa dongo, ndipo muyeso wodziwika umalola dzenje lofika mamilimita 44 m'dongomo. Nkhonya yotere ikhoza kuthyola nthiti ndi kubvulaza mapapu kapena ciwindi popanda dontho la magazi kuoneka kunja. Motero msilikali amene mbale yake yagundidwa ayenera kupimidwa ndi dokotala, ngakhale adzuke yekha nanena kuti ali bwino.

Cacinai ndi kuyang'ananso mabala onse ndi malamba, kuona ngati magazi alekadi. Cacisanu ndi kufunditsa. Munthu wotaya magazi amazizidwa ngakhale dzuwa liri pamutu, ndipo magazi ozizira saundana bwino, kotero bala limapitiriza kukha. Amamyalira kanthu pansi, namfunditsa bulangeti. Ngati ngozi ikalipo amambwezera capacifuwa ndi cisoti, kenaka amalemba pa khadi zonse zimene acita, kuti a ku cipatala akayambire pamenepo.

Phunziro kwa ife

Ambiri a inu simudzapita ku nkhondo, koma magazi amatayikanso kwathu kuno: nkhwangwa ikaphonya mtengo kumunda, botolo likasweka, galimoto ikacita ngozi pamseu. Mukaona munthu akukha magazi, itanani wamkulu mofuula. Tengani nsalu yoyera, muikanikize pabala ndi mphamvu, osatukula kuti muone ngati aleka. Ikanyowa, onjezani ina pamwamba pake. Ngati pali pepala lapulasitiki loyera, bvalani kumanja kuti magazi asakukhudzeni. Musathire dothi, phulusa kapena ndowe pabala. Musamange waya kapena kacingwe kowonda, cifukwa kamaceka mnofu. Lamba uja ngotambalala, ndipo amamangidwa ndi munthu wophunzitsidwa. Pa bala la njoka samanga konse. Mfunditseni wobvulalayo, ndipo apite ku cipatala msanga.

Phunziro la kabvalidwe nalo nlathu. Wokwera njinga yamoto amene cisoti cake sanamange pacibwano, ndi wa m'galimoto amene lamba wampititsa kumsana, ali ngati msilikali uja amene mbale yake yatsikira pamimba.

Mau kwa aphunzitsi

Anzanga aphunzitsi, mukatha kuwerenga nkhaniyi ndi ana, jambulani thupi la munthu pabolodi. Ana asonyeze pamene pali mtima, mapapu ndi ciwindi, kenaka wina ajambule mbale pamalo pake, wina aitsitse pamimba, ndipo onse anene cimene catsala poyera. Dulani katoni molingana ndi cifuwa ca mwana mmodzi, muimangirire ndi nsalu, kuti aone okha kusiyana kwa yomanga bwino ndi yolekerera pamene mnzaoyo akuthamanga. Awiriawiri ayeserere kukanikiza nsalu pa dzanja la mnzao kwa mphindi zitatu inu mukuwerenga nthawi. Adzadabwa kutalika kwake. Musalole ana kumangana malamba kapena zingwe poyeserera.

Mafunso

1. Cifukwa ninji cishango ca cikopa cinaleka kuthandiza pa nkhondo?
2. Kodi nsalu za capacifuwa zifanana bwanji ndi ukonde wa pagolo?
3. Mphepete ya pamwamba ya mbale ya kutsogolo iyenera kufika pati, ndipo cifukwa cake nciani?
4. Chulani malo anai a thupi amene capacifuwa siciphimba.
5. Cifukwa ninji msilikali amene mbale yake yaimitsa cipolopolo ayenera kuonana ndi dokotala?
6. Mnzanu wadziceka ndi nkhwangwa ndipo magazi akuturuka kwambiri. Fotokozani zimene mudzacita, coyamba mpaka cotsiriza.

Tsalani bwino aphunzitsi, tsalani bwino ana nonse, mpaka tidzakomanenso m'nkhani yotsatira.